Mutu 14 wandikanika: kodi Nyamtambo amize chigwa kuti apambane?

Dalitso (Nchalo): Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndekha musanayambe kundifunsa kuti mutu 14 wa nthano yanga ija uli kuti. Wandikanika. Amene mwalowa m'gulu posachedwa, pamene tafika ndi apa: Mfumu Kalimbamwala wa Kumapiri watsika ndi asilikali 12,000 ndi njati zokwera 800 zovala zitsulo. Akufuna chigwa cha mtsinje wa Nyanthanda chifukwa cha mchere ndi madimba ake. Mfumukazi Nyamtambo ali ndi ankhondo 3,000 basi, mabwato 400, ndi ng'oma ija ya mvula. Lamulo la ng'oma ndinalemba m'mutu 6: mvula imene waiyitana lero ndi ngongole, imachotsedwa pa mvula ya chaka chamawa. Ndiye ine ndimaganiza kuti Nyamtambo awasiye adani amange misasa pansi m'chigwa, pakati pa usiku aimbe ng'oma, chigumula chiwakokolole onse. Mutu uthere pomwepo. Koma ndikalemba, penapake sipakundikhala bwino. Tandiuzeni.

Chisomo: Ine ndavota kale, imbani ng'omayo! Takhala tikuyidikira kuyambira mutu 6. Tangoganizani njati 800 zikuyandama ndi zitsulo zake kkkk

Zuze wa ku Bangula: Njati yovala chitsulo siyandama achemwali, imangopita pansi ngati nkhwangwa

A Sajeni (opuma): Dalitso mwana wanga, tisanafike ku ng'oma, ndifunse kaye: anthu 12,000 amenewa akudya chiyani? Ine nkhani yako ndimaikonda, koma chiyambire sindinaone msilikali wa Kalimbamwala ataphika nsima. Tiye tiwerengere limodzi. Munthu woyenda tsiku lonse atanyamula mkondo ndi chishango, tingoti ufa kilo imodzi pa tsiku. Ndiye kuti makilo 12,000, matumba 240 a makilo 50, tsiku lililonse. Ndiwo sindinawerenge. Munthu mmodzi wosenza pamutu paulendo wautali tingomupatsa makilo 25. Chakudya cha tsiku limodzi chokha chikufuna osenza 480. Tsono unatiuza m'mutu 11 kuti kuchokera ku nkhokwe za mfumu kufika m'chigwa ndi ulendo wa masiku 8. Wosenzayo nayenso ali ndi mimba, adya popita, adya pobwerera. Masiku 16 wadya makilo 16 mwa 25 aja. Ofika nawo kwa asilikali ndi 9 okha. Ndiye osenza akufunika angati? Tenga cholembera uwerenge wekha, uona kuti gulu la osenza likuposa gulu la ankhondo.

Agogo athu amene anagwira mtengatenga pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankaidziwa nkhani imeneyi ndi misana yawo.

Dalitso (Nchalo): Eee bambo, mwandigwira pakhosi. Ine ndimangoti "katundu wawo anali m'mbuyo" basi.

A Sajeni (opuma): M'mbuyomo ndi momwe muli nkhondo yonse. Ndipo unalemba wekha kuti njira yotsikira ndi imodzi, yokhotakhota m'mbali mwa phiri. Ine powerenga ndinkangoona msewu wa ku Thabwa. Aliyense wa kuno akudziwa zimene zimachitika lole imodzi ikafera pa khona paja, mzere umafika kutali, wotsika satsika, wokwera sakwera. Nyamtambo atumize anthu 300 okha, odziwa tinjira ta osaka, akagubuduze miyala pamalo awiri kapena atatu, azibisalira osenza ufa. Pakatha sabata imodzi asilikali 12,000 aja ayamba kupha njati zawo n'kumawotcha. Ng'oma isanalire n'komwe.

Chisomo: Koma a Sajeni, nkhani yotero ndani angawerenge? Mitu 13 tikudikira nkhondo, kenako mutiuze kuti adani anangomva njala n'kubwerera kwawo? Ine ndingataye foni.

Aphunzitsi a Mbewe (Chikwawa): Chisomo, njala ndi imene inasintha mafumu m'chigwa chino chenicheni, osati m'nthano. Ndiloleni ndifotokoze pang'ono, sinditalikitsa.

Livingstone anakwera Shire koyamba mu 1859 pa sitima yake ya Ma Robert, n'kukatsekeredwa ndi mathithi a ku Kapichira. Pambuyo pake Amakololo ena amene anabwera naye kuchokera kwa mfumu yawo Sekeletu, kumtunda kwa Zambezi, anatsala kuno. Kanali kagulu kochepa kwambiri. Nanga zinatheka bwanji kuti anthu owerengeka chotero alamulire Amang'anja ambirimbiri amene anali ndi mfumu yawo yaikulu Lundu? Mfuti anali nazo, inde, koma mfuti zokha sizikanakwanira. Mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala yoopsa, pamwamba pake ogwira akapolo akusakaza midzi. Anthu ankathawira kwa amene anali ndi chakudya, chitetezo ndi mabwato. Amakololo anagwira madooko, ndipo wogwira dooko ndiye amanena kuti uyu awoloke, uyu asawoloke. Lero tikamati kwa Kasisi, kwa Katunga, kwa Maseya, tikutchula maina amene anakhazikika nthawi imeneyo.

Ndiye Dalitso, chuma chenicheni cha mfumukazi yako si ng'oma. Ndi mabwato 400 aja. Kalimbamwala alibe ngakhale limodzi.

Zuze wa ku Bangula: "Sinditalikitsa" kkkk aphunzitsi sasintha

Aphunzitsi a Mbewe (Chikwawa): Iwe Zuze, ukanamvetsera m'kalasi muja sindikanabwereza lero.

Fatsani: Pepani kusokoneza, alipo akudziwa mtengo wa mbuzi ku Ngabu sabata ino?

Admin: A Fatsani, za mbuzi ku gulu lina lija. Kuno tili pa nkhondo.

Mayi Nachisale: Ndakhala ndikungowerenga osayankha kuyambira mutu woyamba, koma lero ndilankhule. Dalitso, uli ndi zaka zingati sindikudziwa, koma ndikuona ngati madzi unawaonera pa mtunda.

Ine mu January 2015 ndinali ku Makhanga. Madzi anabwera usiku. Chimene chinandidzutsa si phokoso ayi, ndi mphasa kuzizira kumsana. Ndikuti ndiyatse tochi, ndinapeza mapoto akuyandama m'nyumba, akugundana okha. Potuluka panja anali m'mawondo, pofika pa mtengo wa mango wa kuseri anali m'chiuno. Tinakwera mumtengo anthu asanu ndi awiri, mwana wamng'ono ndinamumanga ndi chitenje ku nthambi kuti ndikagona tulo asagwe. Nyerere nazo zinathawira mumtengo momwemo, zinatiluma usiku wonse, koma palibe anadandaula nyerere. Pansi pankadutsa mbuzi, madenga, nkhokwe yathunthu ili chiimire.

Tsono tamvera. Amene anakwera mitengo msanga anali anyamata amphamvu. Amene anavutika ndi nkhalamba, ana, amayi oyembekezera, odwala. Asilikali a Kalimbamwala ndi anyamata 12,000 osankhidwa. Madzi ako akabwera, ambiri a iwo akwera mitengo ndi zulu, ataya zitsulo, apulumuka. Omira ndi anthu a Nyamtambo yemweyo amene ali m'midzi ya kumunsi. Madzi safunsa kuti iwe ndiwe wa mfumu iti.

Ndipo akaphwa nkhani siithera pomwepo. Ruo anasintha njira, minda ina inakwiririka ndi mchenga, pamene tinkakolola chimanga panasanduka ngati bwalo la mpira. Zitsime zinalowa zonyansa, matenda otsekula m'mimba anayamba. Kuwonjezera apo iwe unalemba kuti chaka chamawa mvula sikhalapo chifukwa ndi ngongole. Ndiye kuti chaka chino chigumula, chaka chamawa chilala. Anthu adzakhala akudumphira m'dambo kufuna nyika pakati pa ng'ona. Nyika unadyapo? Mfumukazi yochita zimenezi kwa anthu ake usandiuze kuti ndi ngwazi. Ngati ukufuna aimbe ng'omayo aimbe, nkhani ndi yako, koma ulembe zonse, usathere pa njati zomira.

Chisomo: Mayi, pepani. Ndinaseka pamwambapo osaganiza.

Mayi Nachisale: Palibe kanthu mwanangu, nthano ndi yosekera. Ndangoti wolembayo adziwe.

Dalitso (Nchalo): Mayi, zikomo. Ndawerenga kawiri. Chimene chimandivuta chija ndi chimenechi, kungoti sindimachidziwa dzina. Ine 2015 ndinali pasukulu kumtunda, namondwe wa Freddy mu 2023 ndinaona madzi koma nyumba yathu sinagwe. Ndiye ng'omayo ndiitaye? Ndinaikonzera mitu yambiri.

Zuze wa ku Bangula: Usaitaye achimwene. Vuto lako ukuganiza kuti mvula ndi yaikulu yokha imene imapha nkhondo. Unayendapo pa makande a ku Ngabu mvula itagwa masiku awiri? Dothi lakuda lija likauma limang'ambika ming'alu yolowa phazi, koma likanyowa limasanduka ulimbo. Njinga imakana, matayala amatseka, umainyamula paphewa iwenso nsapato zatsala m'mbuyo. Phazi lililonse umanyamula dothi lolemera ngati njerwa. Tsono tenga njati, uiveke zitsulo, pamwamba ukhazike munthu wa mkondo. Mvula ya masiku atatu yokha, ya mwamvumbi, yosadzaza ngakhale mtsinje. Njati 800 zaima pamalo amodzi ngati zomangirira. Ngongole ya mvula ya masiku atatu chaka chamawa anthu angapirire, amangochedwa kubzala pang'ono.

Kenako uwakokere ku dambo. Ine ndakulira mu Elephant Marsh, bambo anga ndi msodzi. Mlendo m'menemo amasochera dzuwa lili pamutu. Mabango ndi gumbwa zimatalika kuposa munthu woimirira m'bwato, suona phiri, suona mtengo. Njira imene unadutsa m'mawa, madzulo namasupuni watseka. Pena umaona ngati pamtunda pobiriwira, ukaponda ndi udzu woyandama, pansi pake madzi okumiza. Anthu a Nyamtambo aziwonekera apa, kuponya mivi, n'kulowa m'mabango. Adani akawathamangira, akumana ndi mvuu ya mwana. Mvuu ya mwana simafunsa.

Ndipo usiku udzudzu. Anthu a kumapiri malungo a kuno sawazolowera. Sabata ziwiri, theka la msasa likunjenjemera.

A Sajeni (opuma): Mnyamata uyu akanalowa usilikali. Zimenezo ziphatikize ndi kutseka njira ya ufa ija. Kutsogolo matope, kumbuyo njala.

Chisomo: Chabwino, ndavomera za chigumula. Koma tsopano nonse mwakhala mbali ya Nyamtambo, ndipo mukumupanga Kalimbamwala chitsiru. Munthu anagonjetsa mafumu asanu kumapiri, sangatsike ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Ndiloleni ndikhale iyeyo.

Choyamba, ufa wa kumapiri sindiudalira. Ndimatsika nthawi imene madimba a m'chigwa ali ndi chimanga chachiwisi, mbatata ndi maungu, madzi ataphwa. Asilikali anga adya minda ya Nyamtambo. A Sajeni tsekani njira yanuyo, ine ndikukazinga mondokwa pansi pano.

Chachiwiri, za ng'oma ndikuzidziwa, si chinsinsi, ana omwe amaimba nyimbo yake m'mutu 6. Ndiye msasa sindimanga pa makande. Ndimanga patsinde pa phiri, pa miyala, pamene madzi amangodutsa.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, m'dambo sindilowa. Ndilowerenji? Ndifuna mfumu imodzi yokha ya m'mphepete mwa mtsinje imene ili ndi mangawa ndi mfumukazi. Dalitso anatipatsa kale, nyakwawa uja Thomboza amene analandidwa dooko m'mutu 9. Ndimutumizira nsalu ndi lonjezo loti mchere wonse udzakhala wake. Mawa lake ndili ndi mabwato 60 ndi anthu odziwa njira zonse za m'mabango. Zuze, dambo lako latha ntchito.

Zuze wa ku Bangula: Aaa achemwali, inu ndinu oopsa. Thomboza ndinamuiwala.

Dalitso (Nchalo): Inenso mwini wake ndinamuiwala kkkk. Ndinangomulemba kuti mutu 9 ukhale ndi mkangano.

A Sajeni (opuma): Mfundo yachitatuyo ndagonja nayo. Koma yoyamba ndikutsutsa. Dimba lodyetsa mudzi wa anthu 200 kwa miyezi, anthu 12,000 amalimaliza tsiku limodzi. Ndiye ayenera kumwazikana magulumagulu kukafuna chakudya kutali, ndipo gulu la anthu 50 lotanganidwa ndi kukumba mbatata ndi nyama ya ankhondo a m'mabwato. Komanso nthawi imene ukunenayo ikulowera ku October. Kutentha kwa kuno ukukudziwa, kumapitirira madigiri 40. Munthu wa kumapiri ovala chitsulo pachifuwa masana a October ku Nsanje, safuna mdani, agwa yekha. Njati nazo zimafuna madzi tsiku lililonse ndi mthunzi, ndiye zipita kumtsinje zifune zisafune. Kumtsinje ndi kwa Nyamtambo.

Chisomo: Ndiziyenda usiku, masana ndizigona.

A Sajeni (opuma): Usiku m'dziko la eni, wotsogolera njira ndi Thomboza, munthu amene wagulitsa kale mfumu imodzi. Ugone ndi diso limodzi.

Aphunzitsi a Mbewe (Chikwawa): Pa za Thomboza, Chisomo walasa. Mafumu a m'mphepete mwa mtsinje sakhala mtima umodzi nthawi zonse, ngakhale Amakololo ankakokanakokana okhaokha. Koma ndikufuna ndikupatseni zitsanzo ziwiri za kuno zoti Dalitso asankhepo.

Mu 1884 mzungu wina wamalonda dzina lake Fenwick anapha Chipatula, mmodzi wa mafumu a Amakololo. Anthu a Chipatula anamupha nayenso, ndipo anamiza sitima ya Lady Nyassa ya kampani ya African Lakes. Mtsinje unali msewu wokhawo wa katundu wopita kumtunda, ndiye kungougwira pakhosi kunanjenjemeretsa azungu onse a ku Blantyre. Imeneyo ndi nkhondo ya mwini mtsinje.

Chakumapeto kwa 1889, Amakololo a Mlauli anamenyana ndi gulu la Mpwitikizi Serpa Pinto kumunsi kuno, dera la kufupi ndi Ruo. Apo anakumana maso ndi maso ndi anthu a mfuti zamphamvu kuposa zawo, ndipo anagonja, anthu ambiri anafa. Anthu ake omwewo, mtsinje womwewo, zaka zisanu zokha pakati. Kusiyana kwake n'kwakuti koyamba anamenya pamene mdani ali wofooka, kachiwiri anapita pamene mdani ali wolimba.

Ndiye msasa wa pamiyala wa Chisomo uja, Nyamtambo asayerekeze kuuthira nkhondo. Koma m'gulu lake payenera kukhala mnyamata wamagazi otentha amene akukakamira kuti tikawamenye pomwepo. Nthawi zonse amakhalapo.

Gogo Nyathando: Ine zanga ndi zochepa. Mdzukulu wanga ndiye amandiwerengera. Za ng'oma ya mvulazi, bola zikhale za dziko lanu lopekalo. Musadzatchulemo Khulubvi kapena Mbona. Kumene kuja si kosewerera, ndipo mvula ya kumeneko anthu amapempha, salamula.

Dalitso (Nchalo): Agogo, ndamva. Sindidzatchula, ndipo n'chifukwa chake ndinapeka mtsinje wanga ndi maina anga. Koma mawu anu akuti amapempha salamula andipatsa china. Mwina ng'omayo nayo ikhoza kukana.

Chisomo: Ayi ayi Dalitso, usasinthe lamulo pakati pa nkhani! Unati ngongole, ikhale ngongole. Ukayamba kuti lero yakana mawa yalola, ndiye kuti wolemba ndi amene akupambanitsa amene akumufuna. Ife tizidziwiratu mtengo wake, kuti mfumukazi akamaganiza nafenso tiziwerengera naye limodzi.

A Sajeni (opuma): Apo ndili ndi Chisomo.

Dalitso (Nchalo): Chabwino, lamulo likhala momwemo. Tamvani mmene ndikuonera tsopano, mundiuze ngati ndasokoneza.

Mutu 14: bwalo la nkhondo. Mkuzi, mphwake wa mfumukazi, akufuna chigumula. Nyamtambo akukana, akuti masiku atatu okha a mvula. Akutumiza anthu 300 kukatseka njira ya kuphiri. Mutu 15: Kalimbamwala sagwera msampha wonse, njati 200 zokha ndi zimene zatitimira pa makande, iye wasamukira pamiyala, watumiza nsalu kwa Thomboza. Mutu 16: mabwato 60 asowa usiku umodzi, adani awoloka, atentha mudzi wa kwawo kwa Mkuzi. Ndiye Mkuzi mwaukali akuba ng'oma, akuimba usiku wonse osalekeza. Chigumula chibwera ndithu, Chisomo uchiona, koma chobwera ndi munthu wosamvera, ndipo chigwera onse. Kalimbamwala apulumuka ndi anthu ngati 7,000 pamwamba pa miyala yake. Nyamtambo atsala ndi chigwa cha mchenga, chaka chamawa chopanda mvula, ndi mphwake woti amuweruze. Mafumu awiri onse anjala, wina ali ndi nkhokwe kumapiri koma njira yagumuka, wina ali ndi mabwato koma alibe choika m'menemo.

Zuze wa ku Bangula: Iiii. Ndiye adzafunana okha awiriwa.

Chisomo: Usaulule zambiri iwe! Koma Thomboza asafe msanga, ndamukonda.

A Sajeni (opuma): 7,000 pamiyala popanda ufa sakhala sabata. Uwerengenso bwino pamenepo. Ndipo njati zotsalazo uzidyetse, ndikhala ndikuyang'ana.

Aphunzitsi a Mbewe (Chikwawa): Funso limodzi. Mabwato 60 kusowa usiku umodzi, alonda a padooko anali kuti? Kapena nawonso analandira nsalu? Ulembe, usadumphe.

Dalitso (Nchalo): Ndalemba zonse m'kope. Chimene chikundiopsa ndi mutu 16. Usiku wa madziwo sindingaulembe bwino, ndingonamiza anthu.

Mayi Nachisale: Bwera ku Bangula Loweruka. Tikawolokere limodzi kutsidya, ndikakuonetse mtengo wa mango uja, ulipobe. Pali mayi wina woyandikana nane amene anakhala pa chulu masiku awiri ndi ng'ombe yake, iyeyo ndiye amafotokoza bwino kuposa ine, koma ukamufunse mwaulemu, akakana usakakamize. Ubwere ndi kope lakolo, foni ikhale m'thumba.

Dalitso (Nchalo): Ndibwera mayi. Minibasi yoyamba.

Zuze wa ku Bangula: Ndikudikirirani pa Mtayamoyo, ndikuwolotsani ndine. Koma Dalitso ya bwato ulipira wekha, ine si Thomboza wolandira nsalu. Ndipo uvale nsapato zoti sudzazilira.